Achimwene, thadzi ndi denga la ku Florence

Thoko, mwana wa achemwali anga, atatiuza kuti wapeza mwamuna wa ku Italy, ine ndinalulutira pafoni mpaka mzungu wa chipinda choyandikana nacho anagogoda khoma. Achimwene anga a Lameki, omwe ndi malume ake enieni a mwanayo, sanaseke n'komwe. Anangofunsa kuti, "Ku Italy, mbali iti?"

"Ku Florence, malume."

"Chabwino. Tifufuza."

Thoko ndi namwino pachipatala china ku Bolton, ndipo mnyamatayo, Matteo, amagwira ntchito pomwepo, kojambula mafupa. Ine ndimasamalira okalamba ku Newcastle. Achimwene ali ku Wakefield, amanyamula makatoni m'nyumba yaikulu yosungiramo katundu, koma kwathu ku Balaka anali ahedi a sekondale, ndipo mpaka lero amayenda ngati belu lalira kale ndipo wina wachedwa. Achemwali, mayi ake a Thoko, mapepala obwerera kuno sanawatulukire. Ndiye chinkhoswe chonse chinatsamira pa ife awiri.

Kutatsala masiku ochepa, Matteo anaponya pagulu lathu la pafoni kamasewero ka mafunso, kaja amapangira alendo okaona malo. Munali mafunso a zojambula, ziboliboli ndi nyumba zakale za mumzinda wa kwawo, za nyengo ija azungu amaitcha Renaissance, pamene amisiri a kumeneko ankapikisana kumanga matchalitchi ndi kujambula m'makoma. Pansi pake analemba kuti tingosekako nazo, tidziwe kumene akuchokera. Tonse tinamva kuti ndi nthabwala. Achimwene anamva kuti ndi mayeso.

"Esinati, anthu awa akutiyeza," anandiuza pafoni. "Akufuna aone ngati mwana akuchokera ku mtundu wodziwa zinthu. Aliyense wa kuchikazi afike ku Bolton atakhoza."

"Achimwene, ine ndili pa shifiti sabata yonse."

"Uwerengera m'basi."

Basi inalidi yosathawika, chifukwa Loweruka limenelo sitima zinaimitsidwa, ati akukonza njanji. Ndinatenga mnzanga wa kuntchito, amai Tembo a ku Lusaka, kuti akatithandize nthungululu, popeza pakamwa pawo sipachepa. Tinanyamuka m'mawa, katundu wa chinkhoswe ali m'manja: lichero, mithiko, tsache, ndi mphasa yopinda imene inakana kulowa m'chikwama chilichonse. Mu metro, kasitima ka m'tauni kamene kankayendabe, anthu ankatiyang'ana mwakuba, monga amachitira azungu, diso limodzi pafoni lina pa tsache. Pa depoti, dalaivala wa basi anaima n'kuyang'ana mphasa ija nthawi yaitali, akuganiza ngati atilipiritse padera. Amai Tembo anamuuza kuti ndi ya ukwati. Iye anayang'ananso tsache, n'kunena kuti mkwatibwiyo amuuze athawe nthawi ikadalipo, kenako anatilola kulowa.

Titangowoloka mtsinje n'kudutsa Gateshead, ndinatsegula mafunso aja. Kunja kunaoneka chimngelo chija chachitsulo cha dzimbiri chimene chimaima m'mbali mwa msewu, mapiko atatambasuka ngati ndege.

"Ba Esnart, na aka ni ka Renaissance?" anafunsa amai Tembo.

"Khalani chete, mayi. Funso loyamba ili."

Funsolo linali la denga lalikulu lozungulira la tchalitchi cha pakati pa mzindawo, lija la njerwa zofiira looneka ngati dzira lodulidwa pakati. Ankafunsa kuti mmisiri wake analimanga bwanji popanda kuimika mitengo yolichirikiza kuchokera pansi. Ndisanawerenge mayankho oti tisankhepo, mawu anachokera kumbuyo kwathu.

"Glue, pet." Ati anangomata ndi guluu.

Anali mkulu wina wofiira nkhope, atavala malaya a timu ya mpira, chitini cha mowa m'manja m'mawamawa. Ankapita ku Leeds kukaonera masewero, ndipo kuyambira pamenepo anadzilemba yekha m'timu yathu. Funso lililonse ankayankha msanga, mokweza, ndipo ankalakwa mosaphonya. Yankho lenileni linali lakuti madengawo ndi awiri, lina mkati mwa linzake, ndipo njerwa anazisanja mopingasana ngati minga ya nsomba kuti zizigwirana zokha.

"Manje ngati ni minga ya nsomba, ise tiziba kudala," anatero amai Tembo, kutanthauza kuti ankadziwa kale. "Lembani kuti takhoza."

Maina a amisiriwo ndiwo anatipinda lilime. Onse amathera mofanana, ndipo ukawatchula katatu amasanduka dzina limodzi. Tinagwirizana zowapatsa athu: womanga denga uja tinamutcha a Denga, wosema miyala a Chiboliboli, ndipo wina amene anatha zaka zake zonse akusula zitseko zamkuwa za nyumba yobatiziramo tinamutcha a Zitseko. A Zitseko amai Tembo anawamvera chisoni. Anati munthu kukalamba ndi zitseko, ndiye kuti kunyumba kwake analibe womufunsa kuti ntchito imeneyi itha liti.

Ku Durham tinaima kutenga ana a sukulu ya ukachenjede ndi zikwama zawo. Titapitirira Darlington, msewu unapanikizika. Mizere ya zipewa zofiira zija amaika akamakonza msewu inkangopitirira mpaka kumene maso amalekezera, koma wokonza msewuyo sitinamuone ngakhale mmodzi. Basi inkayenda ngati ikuperekeza maliro. Apa m'pamene achimwene anaimba koyamba.

"Mwafika pati?"

"Tikuyandikira Scotch Corner."

"Sindikufunsa za msewu. Mafunso mwafika pati?"

Ndinawauza kuti tili pa mlatho. Mzindawo uli ndi mlatho wakale wokhala ndi timasitolo pamwamba pake, ndipo funso linali lakuti asanabwere ogulitsa golide, pamlathopo pankakhala ndani. Mnzathu wa mpira uja anati ansembe. Achimwene pafoni anayankha ngati akuwerenga pa bolodi, kuti panali ogulitsa nyama, ndipo akuluakulu a mzinda anawachotsa chifukwa cha fungo. Anawonjezera kuti yankho limeneli tilisunge, likhoza kufunika pa chakudya.

Atangodula, achemwali anaimba kuchokera ku Balaka. Iwo za mlatho analibe nazo ntchito. Ankafuna kudziwa ngati nsalu ya Thoko yasitidwa, ndiponso kuti tisaiwale kuwaika pa vidiyo mwambo ukayamba. Ndinawalonjeza kuti aona zonse.

Ku Wetherby dalaivala anaima mosakonzekera chifukwa chimbudzi cha m'basi chinali chitatsekeka. Anatipatsa kanthawi kochepa, koma mnzathu wa mpira anasowa. Tinamudikira, dalaivala akuliza hutala, mpaka anatulukira akuthamanga ndi makapu atatu a tiyi, awiri athu. Tinalephera kumukalipira. Koma kuchedwa kumeneko kunatidyera basi ya ku Wakefield, kumene achimwene ankatidikira, moti pa Leeds tinaiona ndi maso ikutuluka pageti ife tikutsitsa mphasa. Mnzathuyo anatigwira chanza, n'kutiuza kuti akadzapita ku Italy adzakafufuza yekha nkhani ya glue ija, chifukwa sakukhutira.

Tinaima pa depoti ya Leeds, mphepo ikulowa ku zitseko zonse. Amai Tembo anakhala pa chikwama, lichero pamwendo, n'kumapempha mafunso ena kuti aiwale kuzizira. Tinaphunzira kuti zithunzi za m'makoma ankazijambula pulasitala ikadali yaiwisi, kuti utoto ulowe mkati n'kuuma nayo limodzi, ndipo wojambula akachedwa ankayenera kugumula n'kuyambiranso. Tinaphunziranso za banja lina la eni mabanki limene linkalemba ntchito amisiri onsewa. Amai Tembo anafunsa ngati Matteo ndi wa banja limenelo. Nditati sindikuganiza choncho, anapumira m'mwamba.

Tinakwera basi yotsatira n'kufika ku Wakefield dzuwa lili pamutu, ngati tinganene kuti kunali dzuwa. Achimwene anali pakhomo atavala kale suti yawo yakuda, tayi yofiirira, nsapato zowala ngati galasi. Sanatipatse moni bwinobwino. Anayang'ana wotchi, kenako ife, monga ankayang'anira ana ofika asembule itatha.

Pafupi ndi mapazi awo panali katoni yobowolabowola, ndipo m'katonimo munkachokera phokoso.

"Achimwene, n'chiyani chimenecho?"

"Thadzi."

Pa chinkhoswe akuchimuna amapereka tambala, akuchikazi amapereka thadzi. Kuno anthu amangogula zidole za nkhuku, kapena nkhuku yowotcha kale, mwambo n'kutha. Thoko anali atawachonderera kuti achite chomwecho. Koma achimwene anapita kwa mzungu wina wa kadimba kuseri kwa tauni, n'kumunyengerera mpaka anawagulitsa nkhuku yamoyo, yofiira, yonenepa, ya maso aukali.

"Ine sindingapereke mwana ndi chidole," anatero, n'kutseka nkhani.

Galimoto ya achimwene ndi yaing'ono komanso yakale, ndipo amaiyendetsa atagwira chiwongolero ndi manja onse, chibwano kutsogolo. Ine ndinakhala nawo kutsogolo. Amai Tembo anakhala kumbuyo ndi mphasa pakhosi, thadzi pambali, foni m'manja, chifukwa achimwene anawasankha kukhala wofunsa mafunso. Tinalowa mumsewu waukulu wa M62 tikuyenda bwino. Achimwene ankakhoza lililonse, ena ankayankha funso lisanathe. Zinaoneka kuti sabata yonse, nthawi yopuma kuntchito, anzawo akudya, iwo ankaloweza.

Kenako linabwera funso la chiboliboli chotchuka chija, cha mnyamata woweta nkhosa timamuwerenga kutchalitchi uja, amene anagwetsa chimphona ndi mwala wa pa legeni. Achimwene anayankha zonse: kuti chinasemedwa pa mwala umodzi umene amisiri ena anali atauyamba n'kuusiya, ndiponso kuti chimene chaima panja pabwalo n'chongofanizira, chenicheni anachilowetsa m'nyumba.

Kenako amai Tembo anati, "Ba Uncle, mwachiona chithunzi chake?"

"Ndinachiona."

"Chonse?"

"Mayi, pitani ku funso lina."

"Awe, ine nifunsa chabe. Mwala wonse uja unasala, sembe anamupangilako ka kabudula."

"Limenelo ndi luso," anatero achimwene, makutu atafiira. Ndi mkulu wa mpingo, paja.

Funso lotsatira linali la chithunzi cha mayi wina woima pa chigoba cha nkhono pakati pa nyanja. Amai Tembo anachiyang'anitsitsa, anachikulitsa ndi zala, n'kufunsa modandaula ngati ku Florence kunalibe matelala. Ine ndinaseka mpaka misozi. Achimwene analamula kuti pa chinkhoswe aliyense azikamba za madenga ndi milatho basi, za anthu osavala zisamveke.

Tisanafike pamwamba pa mapiri aja olekanitsa Yorkshire ndi mbali ya Manchester, zikwangwani zinayaka. Mphepo inali itagwetsa lole kutsogolo, msewu wonse anautseka, ndipo tonse anatipatutsira ku Huddersfield. Kumeneko kunali magalimoto ngati nyerere. Tinadutsa m'tauni pang'onopang'ono, n'kuyamba kukwera kamsewu ka ku Marsden, kuima, kusuntha, kuimanso. Achimwene phazi lawo silinkachoka pa klatchi. Posakhalitsa m'galimoto munayamba fungo ngati wina wapsereza chiguduli.

"Ni nkhuku?" anafunsa amai Tembo.

Sinali nkhuku. Titafika pamwamba penipeni, pamene kulibe nyumba ngakhale mtengo, injini inkangolira koma galimoto osayenda. Tinaikankhira pambali, pa kamalo koimapo magalimoto. Kumanzere udzu wofiirira, kumanja udzu wofiirira, mpanda wa miyala, ndi nkhosa zotiyang'ana ngati zikutidziwa. Okoka magalimoto atawaimbira anati anthu ovutika tsiku limenelo ndi ambiri, tidikire.

Tinadikira. Magalasi anachita nthunzi. Tinadya mandasi amene anayenera kukadyedwa ku Bolton. Nthawi yoyambira mwambo inakwana, n'kudutsa. Kenako Thoko anaimba, ndipo ndinamva mawu ake asanalankhule kuti wakhala akulira.

"Aunty, anthu adzaza muholo. Mpunga wazizira. Holoyi atipatsa mpaka madzulo okha. Popanda malume sitingayambe. Matteo akuti abwere adzakutengeni."

Achimwene anapukusa mutu mwamphamvu. "Muuze ayi. Nkhoswe sakatoledwa pamsewu ngati thumba la makala. Tifika tokha."

"Tifika bwanji, achimwene? Pa nkhosa?"

Amai Tembo, omwe amadziwa nthawi yochokapo, anati akufuna kuwongola miyendo, n'kutuluka m'mphepo muja. Tinatsala awiri. Achimwene ankangoyang'ana kutsogolo, manja akadali pa chiwongolero cha galimoto yakufa.

"Esinati," anatero patapita nthawi, "mwana uyu bambo ake atamwalira anakulira m'nyumba mwanga. Ndinamuphunzitsa ndekha kuwerenga. Lero akupita kwa anthu amene makolo awo ankamanga zinthu zoti dziko lonse likaone. Akandifunsa kuti mumagwira ntchito yanji, ndinena kuti ndimanyamula makatoni. Ndimafuna ndikakhale ndi china chonena. Asamuone ngati anangomutola."

Ndinangowagwira dzanja, ndipo linali lozizira. Ndinawauza kuti Thoko akulira, ndipo sakulirira denga la tchalitchi. Kenako anati, "Muuze abwere. Koma abwere yekha."

Ndinatumiza uthengawo. Mbali yachiwiriyo Thoko sanaiwerenge, kapena anaiwerenga n'kuinyalanyaza.

Patapita nthawi ndithu, amai Tembo anabwerera m'galimoto n'kuona kuti katoni yakhala chete kwambiri. Anada nkhawa kuti mwina nkhuku yakomoka ndi fungo la klatchi lija. Anatsegula chitseko kuti mulowe mpweya, n'kutsegulanso katoni pang'ono kuti asuzumire. Thadzi silinakomoke. Linkangodikira. Linawadumpha paphewa, kutuluka panja, kudumpha mpanda wa miyala, n'kulowa pakati pa nkhosa.

Achimwene sindinawaonepo akuthamanga chichokereni kwathu. Anakwera mpanda uja ndi suti yawo, nsapato zowala zija n'kumira m'matope mpaka mu akakolo. Ankaitana nkhuku ija m'Chichewa, kenako m'Chingerezi, poganiza kuti mwina ndi ya kuno. Ine ndinatsekereza mbali imodzi ndi tsache, amai Tembo mbali ina ndi lichero. Nkhosa zinabalalika. Thadzi linkatiyembekezera mpaka tifike pafupi, kenako n'kusuntha pang'ono, ngati likutiyesa nalonso.

Achimwene anali chogwada, manja onse m'udzu wonyowa, tayi ikuuluka kumbuyo, pamene galimoto yotuwa inaima pamsewu. Anatuluka Matteo. Mbali inayo kunatuluka bambo wamfupi, wa mutu wa imvi, wa mimba yake ndithu, atavala suti yabuluu ya ukwati. Anali bambo Enzo, bambo ake a Matteo. Anayang'ana achimwene, anayang'ana nkhuku, ndipo sanafunse kanthu. Anavula jekete, n'kukwera mpanda mobuula.

Analibe chinenero chogwirizana, bambo Enzo Chingerezi sadziwa, koma anamvana ndi manja. Bambo Enzo anazungulira kumtunda, jekete atalitambasula. Achimwene anakwawa kuchokera kumunsi. Thadzi litathawa jekete linalunjika kwa achimwene, iwo n'kuliphonya, koma linabwerera n'kukodwa m'jekete muja, ndipo amuna awiriwo anagwera pamodzi pamwamba pake. Anadzuka aliyense atagwira mbali yake, wina mapiko wina miyendo, onse matope mpaka m'mawondo, akupuma ngati akoka ngolo. Bambo Enzo anayamba kuseka. Achimwene anayesa kuumitsa nkhope, koma sizinatheke.

Moni wa apongozi anachitikira pamenepo, nkhuku ili pakati.

Galimoto ya achimwene tinaikhoma n'kuisiya, okoka aja atatiuza kuti aipeza. Tinapanikizana mu ya Matteo: ine kutsogolo, kumbuyo amai Tembo ndi akuluakulu awiriwo, katoni ya thadzi pamiyendo pa bambo Enzo, atayika dzanja pamwamba. Titayamba kutsetsereka kulowera ku Oldham, ndinamva achimwene akukonza kukhosi. Ndinadziwa chimene chikubwera.

"Mateyu," anatero, poti ndi mmene amamutchulira, "uwauze bambo ako kuti ife timalemekeza kwambiri mzinda wawo. Makamaka denga lija."

Ndipo anayamba. Anafotokoza za madenga awiri, lina mkati mwa linzake. Anafotokoza za njerwa za minga ya nsomba. Anatchula dzina lenileni la a Denga, bwinobwino, mosapunthwa, moti ine ndinachita manyazi ndi maina athu a m'basi aja. Anapita pa mlatho wa ogulitsa nyama, n'kudzera pa zitseko zamkuwa. Matteo ankamasulira, akundiyang'ana m'mbali, akudziletsa kuseka. Bambo Enzo ankamvetsera maso ali tong'o, n'kumagwedeza mutu. Atatha achimwene, bambowo analankhula mawu angapo.

"Bambo akufunsa ngati zoona madengawo ndi awiri," anatero Matteo.

Achimwene anadabwa. "Sakudziwa?"

"Akuti sanakwereko. Anayendetsa basi ya mumzinda moyo wawo wonse, denga ankaliona tsiku lililonse pagalasi, koma masitepe ndi ambiri ndipo mzere wa alendo ndi wautali. Akuti ankati adzakwera akadzapuma ntchito, koma atapuma mawondo anakana."

"Nanga chiboliboli chija?" analowerera amai Tembo, osaopa lamulo la achimwene.

Bambo Enzo atamva funsolo anaseka mpaka katoni inagwedezeka. Matteo anati bambo ake anachiona kamodzi kokha chenichenicho, ali mwana wa sukulu, ndipo chimene amakumbukira n'chakuti aphunzitsi anawamenya khofi chifukwa anaseka.

"Mwaona, ba Uncle?" anatero amai Tembo. "Sindine nekha."

Matteo anaulula kuti mafunso aja bambo akenso anawayesa mu ndege, ndipo analakwa ambiri mpaka mayi ake anawalanda foni chifukwa cha manyazi. Achimwene ndinawaona pagalasi akuyang'ana matope a pa thalauza lawo, ngati munthu amene wanyamula mphatso yolemera ulendo wonse n'kupeza kuti mwini nyumba sanaiyembekezere.

Tinali titayandikira Manchester, magalimoto atachulukanso, pamene bambo Enzo analankhula kachiwiri, ulendo uno motsitsa mawu. Matteo anazengereza kumasulira.

"Akuti chifikireni sakugona bwino. Thoko anawauza kuti inu munali mkulu wa sukulu, kuti munamulera, ndipo kuti popanda mawu anu palibe chichitike. Akhala akundifunsa kuti malume akakana ndiye titani. Akuti popeza mwagwira nkhuku limodzi, alimba mtima kufunsa. Mukana?"

M'galimoto munangomveka thadzi likupalasa katoni. Achimwene anatembenuka n'kuwayang'ana bambowo kumaso.

"Uwafunse ichi, Mateyu, ndipo umasulire mmene ndanenera. Tsiku lina mukadzasamukira kwanu, iwe n'kumulakwira mwana wathu, ife tili kutali, mayi ake ali kutali kuposa ife, adzathamangira kwa ndani?"

Matteo anamasulira. Bambo Enzo anachotsa dzanja pa katoni n'kudzigunda pachifuwa kawiri. Kenako analankhula, akuloza mwana wawo ndi chala.

"Akuti nyumba yawo ndi yaing'ono, ili pamwamba pa sitolo ya buledi," anatero Matteo, mawu atachepa. "Akuti Thoko adzapeza chitseko chotsegula, ndipo amene adzagone panja ndine."

Achimwene anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anatambasula dzanja lawo lamatope, bambo Enzo n'kulilandira ndi lawo lamatope.

"Uwauze kuti sindikana," anatero. "Koma ayendetse bwino mwambo, asaseke."

Ku Bolton tinafika anthu atayamba kale kuvina okha kuti asagone. Thoko anathamangira panja n'kuwakumbatira malume ake, matope ndi nthenga zomwe, nsalu yake yositidwa ija n'kuda. Amai Tembo analulutira mpaka mayi ake a Matteo anagwira pamtima. Mwambo tinauthamangitsa. Akuchimuna anatulutsa tambala wawo wa pulasitiki, ife tinatulutsa thadzi lathu, ndipo holo yonse inaimirira kuti ione. Ine ndinagwira foni m'mwamba nthawi yonseyo kuti achemwali aone ali ku Balaka, mkono mpaka kuchita dzanzi.

Anthu atayamba kusonkhanitsa mipando, achemwali anapempha kulankhula ndi achimwene. Ndinawapatsa foni. Anaima pakona, thalauza litauma n'kuchita gwa, chala chimodzi m'khutu.

"Lameki, ndaona zonse," ndinamva achemwali akunena. "Koma ndiuze iwe amene wakhala nawo pafupi. Anthu ake ngotani?"

Achimwene anayang'ana kutsidya kwa holo, kumene bambo Enzo anali atakhala pa mpando, nsapato atavula, akudya mpunga wozizira ndi supuni ya pulasitiki.

"Ndi anthu abwino, achemwali. Mwana ali m'manja abwino," anatero. Anatsitsa mawu pang'ono. "Kungoti za kwawo sadziwa. Tikadzapitako ndidzachita kuwayendetsa ndine."